Mawebusaiti ogawa Bitcoin yaulere: ndayesa miyezi inayi, ndikupereka nyenyezi imodzi

Ndine ejenti wa ndalama za pafoni pa Nsungwi ku Area 25, ndipo m'kakontena kanga ndimagulitsanso mayunitsi ndi matchaja. M'mawa ndi madzulo anthu amachita kuima pamzere, koma dzuwa likafika pamutu umatha ola lathunthu ukungoonerera akabaza akudutsa. Nthawi yopanda chochita imeneyi ndi yomwe inandikokera ku mawebusaiti otchedwa ma faucet, amene amati amagawa Bitcoin ndi ndalama zina za pa intaneti kwaulere. Anandionetsa ndi msuweni wanga wa ku Kawale. "Achimwene, foni muli nayo, nthawi muli nayo, ndiye mukudikira chiyani? Pang'onopang'ono ndi mtolo." Ndinalembetsa pa mawebusaiti asanu n'kuwagwiritsa ntchito miyezi inayi. Ndikulemba chifukwa anyamata ambiri akumafika pakontena kudzandifunsa ngati zimenezi zili zoona.

Dzinalo limatanthauza mpopi, ndipo ndi mpopi wodontha ndithu. Umatsegula tsambalo, umatsimikiza kuti ndiwe munthu posankha zithunzi za mabasi, njinga kapena maloboti a pamsewu, kenako umadina batani n'kulandira kadontho kako. Ukatero wotchi imayamba kuwerenga, pena mphindi zisanu, pena ola, kuti udzadinenso. Zimene umalandirazo ndi ma satoshi. Bitcoin imodzi ili ndi ma satoshi 100,000,000, ndipo ine pa tsamba limene linkapereka bwino ndinkapeza ma satoshi 10 kapena kucheperapo ndikadina kamodzi. Nambala ikamakwera pafoni mtima umasangalala, chifukwa 400 kapena 900 imaoneka ngati ndalama. Ukaisintha kukhala makwacha m'pamene umaona kuti ndi kandalama kochepa kwambiri.

Chinthuchi chinayamba ndi cholinga china. Faucet yoyamba anaitsegula ndi Gavin Andresen mu 2010, Bitcoin itangotha chaka chimodzi, ndipo ankapereka ma Bitcoin 5 kwa aliyense wobwera kuti anthu aidziwe ndalama yatsopanoyo, nthawi imeneyo ilibe mtengo weniweni. Nkhani imeneyi ndi imene okopa anzawo amakonda kufotokoza. Koma za lerozi ndi bizinesi. Mwini tsamba amalipidwa ndi otsatsa malonda chifukwa cha maso ako, iye n'kukugawirako nyenyeswa. N'chifukwa chake tsamba lililonse ladzaza zotsatsa: mavidiyo ongodziyambira okha, mawindo ongotseguka, zithunzi zina zosayenera n'komwe kuonekera pamalo a ntchito pomwe pamafika azimayi ndi ana.

Apa ndi pamene mawu akuti "zaulere" anandithera. Mavidiyo amenewo amadya bandulo. Kale bandulo ya sabata inkandikwanira pa WhatsApp ndi Facebook mpaka tsiku lake, koma nditayamba ma faucet inkatha masiku atatu kapena anayi. Batire nayo inkatha masana, foni ikutentha m'manja, pomwe foni yomweyo ndi imene ndimagwirira ntchito, ndipo magetsi akazima ndimafunika kuisunga mpaka madzulo. Amene amapanga mawebusaitiwa amaganizira munthu wokhala ndi Wi-Fi yosatha kunyumba. Ife kuno timagula intaneti ndi ndalama ya ndiwo.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika Lachisanu lina kumapeto kwa mwezi. Ndinali nditaweramira pafoni, ndikulimbana ndi tizithunzi ta maloboti tomwe tinkangobwerera katatu konse, wotchi itatsala pang'ono kundidutsa. Pawindo panaima mayi wina atabereka mwana, akufuna kutapa ndalama. "Bambo, mundithandiza kapena ndipite kwina?" Ndinati dikirani pang'ono mayi, osadzutsa n'komwe mutu. Pamene ndinkayang'ana anali atafika kale pa ejenti wa tsidya la msewu. Komishoni ya kasitomala mmodzi ameneyo inali yoposa zonse zimene ndinatolera sabata imeneyo pa mawebusaiti onse asanu. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo tsiku limenelo ndinamva tanthauzo lake.

Kutapa ndiye nkhani ina. Tsamba lililonse lili ndi mlingo umene uyenera kufika usanatulutse kanthu. Limodzi mwa anga linkafuna ma satoshi 30,000. Werengani nokha: ma satoshi 10, kudina ka 10 patsiku, ndi 100 patsiku, kutanthauza masiku 300 osaphonya. Ukafikapo palinso ndalama yolipira potumiza, imene pa Bitcoin imakwera ndi kutsika malinga ndi kuchuluka kwa otumiza, ndipo imatha kumeza gawo lalikulu la kandalama kochepa chotere. Pa asanuwo, awiri anandilipiradi, ndipo ndiyenera kunena zimenezi mwachilungamo. Ankapereka Litecoin ndi Dogecoin, ndalama zinanso za pa intaneti zomwe kutumiza kwake n'kotsika mtengo, ndipo zinafika tsiku lomwelo mu wallet yanga, chikwama cha pafoni chosungiramo ndalama zimenezi. Tsamba lachitatu linatseka akaunti yanga nditayandikira mlingo, likunena kuti ndaphwanya malamulo, osatchula lamulo lake. Tsamba lachinayi linati ndiyambe ndatumiza ndalama kuti "atsimikize" akaunti yanga. Sindinatumize, ndipo musadzatumize. Wokupatsa zaulere sangakuuze kuti uyambe walipira. Tsamba lachisanu ndinangolisiya ndekha.

Ndiye zimene zinafikazo ndizisandutsa bwanji makwacha? Sungazitumize mwachindunji ku Airtel Money kapena Mpamba. Umafunika kupeza munthu wogula, ndipo ogula safuna kutaya nthawi ndi timakobidi totere. Kumbukiraninso kuti Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama zimenezi si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Wina akakudyera, ulibe ofesi yokadandaula. Zanga zikadali mu wallet mpaka lero.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna makolo azidziwe, chifukwa ana a sukulu ndi amene akulowa kwambiri. Choyamba ndi juga. Pambali pa batani laulere pamakhala kamasewera kakuti uchulukitse ma satoshi ako, ungolosera ngati nambala ikhale yaikulu kapena yaing'ono. Ukatopa ndi madontho umayesa, umadyedwa, kenako tsambalo limakuonetsa pothira ndalama zako zenizeni. Ine ndinataya zotolera za masabata atatu m'mphindi zosakwana khumi. Chachiwiri ndi zokopa anzako. Amene amapeza kenakake pa ma faucet ndi amene ali ndi anthu ambiri olembetsa kudzera pa link yawo, chifukwa amalandira gawo pa kudina kulikonse kwa anthuwo. Msuweni wanga sanandinamize, nayenso ankakhulupirira, koma mukaona wina akuyamikira kwambiri pa gulu la WhatsApp, yang'anani ngati pansi pake palibe link.

Sindikuwaseka amene akuyesa. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense akufunafuna poti n'kugwira, ndipo ntchito mu Lilongwe muno sizikupezeka. Nyenyezi imodzi imene ndaperekayo ndi ya zimene ndinaphunzira: kutsegula wallet, kukopera adiresi yake mosalakwitsa chilembo, ndiponso kuti mawu 12 achinsinsi otsegulira wallet umawalemba papepala n'kubisa, suuza munthu kapena tsamba lililonse. Koma zimenezi sabata imodzi ikukwana, ndi tsamba limodzi, pa imelo yapadera yosakhudzana ndi banki kapena nambala yanu ya ntchito.

Ine ndinafufuta onse asanu. Masana kukakhala zii pakontena ndikumaphunzira kusintha magalasi a mafoni kwa mnyamata wina wokonza mafoni mumsika momwemu, ndipo sabata yatha ndasintha galasi langa loyamba, mwini wake n'kundilipira pompo.