Gran Turismo 7 imaulula khalidwe la woyendetsa

Ndakhala ndikusewera Gran Turismo 7, masewero a mpikisano wa galimoto, pa PlayStation 4 kunyumba kwathu ku Chibavi kwa miyezi ingapo, ndipo chimene chinandikopa tsiku loyamba ndi galimoto zitatu zakale zimene wosewera amayenera kusankhapo imodzi poyamba: Toyota Aqua, Honda Fit ndi Mazda Demio. Izi ndi zomwe zija timaziona tsiku ndi tsiku zikudutsa pa Katoto, moti ine ndinatenga Demio popanda kuganizira kawiri. Masewerowa anapangidwa ndi kampani ya Polyphony Digital ya ku Japan ndipo anatuluka mu 2022 ali ndi galimoto zoposa 400, koma zapamwambazo munthu amazipeza pang'onopang'ono, akapambana mipikisano ndi kukhoza mayeso a laisensi.

Amene anazolowera masewero ena a galimoto otchedwa Need for Speed, kumene munthu amaponda moto mpaka pakhona n'kudalira khoma kuti limukhotetse, avutika kuno. Galimoto iliyonse ili ndi kulemera kwake ndi kagwiridwe kake ka msewu, ndipo ukachedwa kugwira mabuleki imangopitirira kukagwera m'mchenga. Ine ndine woyendetsa wamantha: ndimachepetsa liwiro ndisanafike pakhona, ndimakhota modekha, kenako ndimaponda moto chiwongolero chikayamba kuwongoka. N'chifukwa chake ndimakonda galimoto zokoka ndi matayala onse anayi, monga Subaru Impreza ndi Mitsubishi Lancer Evolution, zimene zimakhululuka ukalakwitsa, makamaka mvula ikagwa mpikisano uli m'kati. Mng'ono wanga amati kuyendetsa koteroko n'kwa agogo. Iye amafuna Nissan Silvia, yokankha ndi matayala akumbuyo, kuti azilowa pakhona chammbali utsi uli tolotolo, ndipo ngakhale amataya nthawi pakhona iliyonse, amasangalala kuposa ine. Ubwino wa masewerowa ndi wakuti amalola tonse awiri kuyendetsa monga mwa mtima wathu, koma wotchi ndiyo imaweruza mosakondera.

Msewu umene timakanganirapo kwambiri ndi Nürburgring Nordschleife wa ku Germany, wotalika makilomita oposa 20, wodzaza ndi zitunda ndi makhona obisika. Aliyense amene anatsikapo phiri la Chiweta pa minibasi angamvetse chifukwa chake manja amachita thukuta pamenepo. Kumeneko Silvia ya mng'ono wangayo imamaliza ulendo mwa apo ndi apo.

Vuto lalikulu kwa ife kuno ndi intaneti. Mbali yaikulu ya masewerowa, kuphatikizapo kusunga pamene wafika, imafuna kuti makina akhale olumikizidwa, ndipo bandulo ikatha umatsala ndi mipikisano yochepa chabe. Zowonjezera zimene opanga masewerowa amatumiza nthawi ndi nthawi nazonso zimadya bandulo ndithu. Galimoto zina zotchuka mitengo yake ndi yokwera kwambiri, mwakuti umabwereza mpikisano umodzimodzi kambirimbiri kuti ndalama zikwane, ndipo pamenepo kukoma kumachepa.

Kwa munthu woleza mtima amene ali ndi intaneti yodalirika, ndalama yake sipita pachabe. Wofuna kuthamangitsana ndi apolisi m'misewu ya m'tauni asagule, chifukwa muno mulibe zimenezo. Ine pakadali pano ndikulimbana ndi laisensi ya International A, ndipo Demio ija sindinaigulitse.