Makalasi a Loweruka okhazika maganizo pa Dedza boma, mmene ndawaonera ine

Ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox za makalasi aja a mindfulness, kapena kuti kuphunzira kukhazika maganizo pa chimene ukuchita nthawi imeneyo, amene akumachitika Loweruka m'mawa mu holo ya tchalitchi china pa boma pano, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere. Amaphunzitsa ndi mayi ena ake nesi opuma ntchito, ndipo zonse amalankhula mu Chichewa. Ine masana ndine ejenti wa mobile money, madzulo ndimalowa open school ndikubwereza MSCE, vuto langa linali loti ndikatsegula buku la masamu maso ali pa buku koma mutu uli ku fuloti, kaya ndinabweza chenji cholakwika, kaya kasitomala uja anatumizadi, mpaka ola kutha ndisanachite ngakhale samu imodzi.

Tsiku loyamba anatipatsa aliyense njere imodzi ya mtedza wokazinga, imodzi basi, akuti muiyang'ane kaye, muinunkhize, muiike pa lilime koma musatafune. Abambo ena amene anakhala pambali panga anali atameza kale nde holo yonse kuseka. Ine ndinkaona ngati zachibwana koma nditatafuna pang'onopang'ono muja ndinamva kakhungu kaja kakusupuka ndi kamchere, mtedza womwewu ndimadya tsiku ndi tsiku pa kiyosiki osaumva nkomwe. Kenako kumabwera zopuma, umakhala pa benchi msana uli chilili nkumawerenga mpweya wako kufika pa 10, maganizo akathawa umangoyambiranso pa 1 osadzikalipira. Mayiwo amati kuthawa kwa maganizo si kulephera ayi, ntchito yake ndi kubwererako.

Chimene ndinawakondera ndi choti sabisa kumene zinachokera. Anatiuza poyera kuti njirazi zinachokera ku mapemphero osinkhasinkha a chi Buddha, ndipo Jon Kabat-Zinn ndi amene anazipanga kukhala pulogalamu ya kuchipatala mu 1979 ku University of Massachusetts, ya masabata 8, yothandiza anthu a ululu wosatha ndi nkhawa. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa ena a ku mpingo akumanong'onezana kuti mwina nzamizimu. Mulibe kuitana chilichonse mmenemo abale, palibe kandulo palibe nyimbo, ofuna kuyamba ndi pemphero lake amapemphera.

Koma kunena zoona chimene chandithandiza kwenikweni si zopumazo ayi, ndi gawo lachiwiri lolemba cholinga. Amakana zolemba zoti "ndikufuna ndikhoze mayeso", akuti chimenecho ndi chilakolako chabe aliyense ali nacho. Umayenera kulemba nthawi, malo ndi chochita, komanso chimene udzachite chosokoneza chikabwera. Njira imeneyi akuti anaifufuza kwambiri Peter Gollwitzer, katswiri wa za maganizo wa ku Germany. Changa ndinalemba chonchi pa chikuto cha kope: ndikatseka kiyosiki nkufika pakhomo, foni ndiika mu kabati ndipo ndichita masamu atatu ndisanayatse mbaula. Foni ikalira ndipuma katatu nkupitiriza. Zikuoneka zophweka eti, koma poti unaganiza kale m'mawa, madzulo sukhalanso nkumakambirana ndi ulesi wako, umangochita. Ngakhale pa ntchito, ndisanatsimikize nambala ya kasitomala ndimapuma kamodzi nkuiwerenganso mokweza, mzere utalike bwanji, ndipo mtima sukumagundanso ngati kale ndikamatseka buku la ndalama madzulo.

Zodandaula zilipo ndithu. Holo ija ndi yozizira koopsa, mukudziwa nokha June ndi July wa ku Dedza, chifunga chikatsika m'phiri muja nde wina akukuuza kuti umvetsere zala zakumapazi pomwe zalazo sukuzimva nkomwe. Sayambanso pa nthawi yake, amadikira anthu ochokera ku Bembeke ndi mbali zina amene amadalira minibasi, ife a bizinesi Loweruka ndi tsiku la ndalama ndiye zimawawa. Ma voice note amene amatumiza pa gulupu ya WhatsApp ndi abwino koma ndi aatali amadya bandulo, ndipo gulupuyo anthu ayamba kuponyamo zotsatsa kachewere ndi kabichi, admin kuli ziii. Malipiro ake si oboola m'thumba, amalola kulipira pang'onopang'ono.

Wina asapite poganiza kuti akakhoza popanda kuwerenga, masamu anga akadali ovuta chimodzimodzi kungoti pano ndikumakhala nawo pansi. Ndipo mayiwo ananena okha kuti amene akuvutika maganizo kwambiri, osagona kapena kuganiza zodzipweteka, apite kuchipatala kaye osati kwa iwo. Kwa ana a fomu 4, aphunzitsi ochonga mapepala ndi ife owerenga ndalama za eni tsiku lonse ndinganene kuti pitani mukayese, mutenge kope, juzi yokhuthala ndi chitenje choyala pa benchi.