Loji yolandira agalu m'mbali mwa nyanja ku Mangochi: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Malo ogona ambiri ku Mangochi mukawaimbira foni n'kufunsa ngati amalola galu, amakana. Ena amavomera, koma mukafika mumapeza kuti ankatanthauza kukamumangirira kumtengo kuseri kwa khitchini. Loji imeneyi, yomwe ili chakumunsi kwa msewu wa M10 wopita ku Monkey Bay, mtunda pang'ono kuchokera m'tawuni, imalandiradi galu monga mlendo, ndipo eni ake anaganizira bwino za nkhaniyi. Ndaipatsa nyenyezi zinayi. Yachisanu ndaimana pa zifukwa ziwiri, ndipo chimodzi mwa izo chikukhudza moyo weniweni wa galu.

Galu wathu Jeki ndi wachikuda wosakanizika, ndipo wakalamba. Amamwa mankhwala a nyamakazi m'mawa ndi madzulo, komanso akasiyidwa ndi munthu wachilendo sadya. N'chifukwa chake ine ndi bambo akunyumba tinamutenga. Tinanyamuka ku Zomba m'bandakucha pa galimoto yathu, kudzera msewu wa M3, ku Liwonde, ku Ulongwe mpaka Mangochi. Za minibasi musaziganizire n'komwe ngati galu wanu ndi wamkulu.

Chinthu choyamba chimene chinandikhazika mtima pansi chinachitika tisananyamuke. A manijala anapempha kuti ndiwatumizire pa WhatsApp chithunzi cha khadi la katemera, makamaka wa chiwewe, ndipo ananena mosapita m'mbali kuti popanda khadilo galu salowa pageti. Ine ndinakondwa nazo. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, ndipo pafupifupi anthu onse amene amafa nacho amachitenga kwa galu. M'dziko muno ambiri amene amalumidwa ndi ana. Ku Blantyre, Zomba ndi Chiradzulu tinazolowera a Mission Rabies amene akhala akubaya agalu katemera waulere, choncho khadi silinativute. Loji imene imafunsa khadi kwa ine imafunsanso kwa mlendo wa chipinda choyandikana nacho, ndipo zimenezo zimateteza Jeki komanso ana a antchito amene amasewera pabwalo. A manijala omwewo anatilangizanso kuti tisabwere pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, chifukwa tsiku limenelo gombe limadzaza anthu ndipo zimkuzamawu zimalira mpaka usiku. Tinapita sabata yotsatira, ndipo kunali bata.

Anatipatsa kanyumba kakumapeto, kotalikirana ndi bala ndiponso malo odyera. Pansi ndi pa simenti yosalala, popanda kapeti, zomwe n'zabwino chifukwa simenti imazizira ndipo ndi yosavuta kukolopa. Kutsogolo kuli khonde lotchingidwa ndi mpanda wa bango wofika m'chiuno, wokhala ndi kachitseko kotsekeka bwino, ndipo mtengo wa nimu umaliphimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Tinapeza mbale ziwiri zachitsulo zili kale pakhondepo, ndi mkeka wakale woti galu agonepo. Bedi lathu linali laukhondo, neti yopanda mabowo, madzi a m'bafa akutuluka bwino. Fani imagwira ntchito, ndipo magetsi akazima amayatsa jenereta madzulo okha. Lamulo lawo n'lakuti galu asakwere pabedi ndipo akatuluka pakhonde akhale pa chingwe. Sindikuonapo cholakwika.

Kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala si kwa masewera, makamaka kwa galu wozolowera kamphepo ka m'phiri la Zomba. Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa makamaka ndi wefuwefu, choncho mpweya ukatentha kwambiri amalefuka msanga. Pofika 10 koloko mchenga wa pagombe umakhala utatentha ngati chiwaya cha tchipisi, ndipo umawotcha mapazi ake. Ife timayenda pa masilipasi ndiye sitimva. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pamchenga kapena pa tala. Ngati simungathe kupirira, galunso sangathe. Jeki ankayenda dzuwa lisanatuluke ndi madzulo likamalowa, masana onse ali gone pasimenti, ine n'kumamunyowetsa pamimba ndi m'mapazi ndi thaulo. M'galimoto yoima musamusiye ngakhale kwa mphindi zochepa, ngakhale magalasi atatsitsidwa.

Chimene chandichititsa kuti ndiilemekeze kwambiri loji imeneyi ndi china. Mangochi ndi kwawo kwa Ayao, ndipo ambiri ndi Asilamu. Antchito ambiri a palojipo ndi otero. Kwa Asilamu ambiri malovu a galu ndi najisi: akakhudza chovala kapena thupi, munthu ayenera kutsuka mwa dongosolo lake asanaswali. Munthu woswali kasanu pa tsiku, kunyambitidwa ndi galu pa ntchito si nkhani yaing'ono kwa iye. A manijala anandifotokozera zimenezi modekha tsiku lomwe tinafika, osati mopepesa, osatinso mondiopseza, ndipo anali atakonza kale njira. Mayi wokonza m'chipinda amabwera nthawi imene mwagwirizana, inu mutamutulutsa galu. Mbale za galu sizilowa m'khitchini. Zili ndi mpopi wake panja ndi siponji yake. Thaulo ndi mkeka wa galu mumachapa nokha kapena amachapa mnyamata wa m'maluwa amene alibe nazo vuto.

Ndaonapo alendo ena, m'malo ena, akumasula galu n'kumauza aliyense kuti asaope, saluma. Kuno nkhani si ya kuluma. Ndipo si chidani ayi. Alonda a usiku, bambo wachikulire wovala chisoti, sanamukhudzepo Jeki, koma ndi iwo amene ankaonetsetsa kuti mbale yake ya madzi isaume. Ankathira madzi ndi botolo ali kunja kwa mpanda wa khonde. Tsiku lina anandiuza kuti, "Amayi, nyama ya ludzu kuipatsa madzi ndi sawabu, mphoto ya kwa Mulungu. Kungoti asandinyambite basi." Loji imene yapeza njira yoti mlendo wokonda galu wake ndi wantchito wosunga chipembedzo chake onse akhale omasuka pabwalo limodzi yachita chinthu chovuta, ndipo yachita popanda kunyozetsa mbali iliyonse. Ngati simungathe kusunga galu wanu pa chingwe chifukwa cha ulemu umenewu, malo ano si anu.

Ulendo wa m'tawuni anatithandizanso kuukonza. Anati tipite m'mamawa kwambiri, tisalowe naye mumsika, ndipo tisayese Lachisanu masana pamene anthu akukhamukira ku mizikiti. Tinaimika galimoto pamthunzi pafupi ndi chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria, chotsalira cha nthawi imene tawuniyi inkatchedwa Fort Johnston. Pomwepo pali mfuti yaikulu ya m'sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawombera n'kuwononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili padoko kutsidya kwa nyanja, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Palinso mwala wokumbukira anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, chifukwa ambiri timadutsapo tikuthamangira kugombe osawerenga n'komwe. Zonsezi zili panja, choncho mutha kuziona galu ali pambali panu. Ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Lake Malawi Museum tinalowa mosinthana, wina akutsala panja ndi Jeki. Kenako tinayenda pa mlatho wa Bakili Muluzi kuona Shire akutsikira ku nyanja ya Malombe. Pamlathopo gwirani chingwe chachifupi, chifukwa a kabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto amadutsa pafupi kwambiri. Ana amabwera ambiri kudzaona galu woyenda pa chingwe, ena ofuna kumugwira, ena othawa. Ine ndinkangowapempha kuti aonere patali. Dzuwa lisanakwere tinali titabwerera.

Tsopano chodandaulitsa chachikulu. Mpanda wa loji umatchinga kumsewu ndi m'mbali, koma chakumadzi umathera panjira. Kumanja kwa gombe lawo kuli bango lowirira, ndipo chigawo chino cha nyanja, kufupi ndi kumene Shire amatulukira, kuli ng'ona ndi mvuu. Ng'ona imakonda galu, ndipo galu amakonda kununkhiza m'bango ndi kumwa madzi m'mphepete madzulo, nthawi yomweyo imene ng'ona imasaka. Palibe chikwangwani chochenjeza. Pa uthenga wonse umene anatitumizira tisanabwere, wa katemera, wa chingwe, wa pabedi, nkhani imeneyi munalibe. Amene anatiuza ndi alonda aja, madzulo oyamba, ataona tikulowera chakumeneko: "Amayi, uko ayi. Pitani naye kumanzere kumene kuli mchenga woyera, ndipo kukada asayandikire madzi." Akanakhala kuti sanatione, sitikanadziwa. Malo amene amaitana anthu kubwera ndi agalu, ndiponso ndi ana, sayenera kusiya chenjezo lotere m'manja mwa mwayi. Ndinawauza a manijala maso ndi maso, ndipo anavomera kuti ndi zoona.

Chachiwiri ndi chaching'ono koma chinandikhumudwitsa. Tikulipira potuluka, pa bilu panali ndalama yowonjezera yokonzera chipinda chimene mwagona galu. Ndalamayo si yambiri ndipo ndi yomveka, chifukwa amapopera mankhwala a utitiri mlendo wina asanalowe. Koma sanaitchule pobukitsa. Munthu amene wawerengera ndalama ya mafuta obwererera sayenera kudzidzimutsidwa pa kauntala.

Pa chakudya ndilibe dandaulo. Chambo chowotcha ndi nsima zinali bwino kwambiri, kampango wa msuzi chimodzimodzi, ngakhale amachedwa kubweretsa alendo akachuluka. Chakudya cha galu cha m'mapaketi bwerani nacho, chifukwa m'mashopu amene tinalowa m'tawuni sitinachione. Chathu chitachepa, akukhitchini anamuphikira Jeki nsima ya mgaiwa ndi usipa wowiritsa, wopanda mchere ndi anyezi. Ophikawo ankadziwa okha kuti anyezi amadwalitsa galu, ndipo zinandisangalatsa. Chenjerani ndi minga ya chambo imene alendo ena amataya pamchenga. Galu amaipeza msanga kuposa inu ndipo imatha kumutsamwitsa. Mukayenda pagombe kupitirira malire a loji mufika pamene asodzi amayanika usipa ndi utaka pa matandala. Imeneyo ndi ndalama ya anthu, ndiponso chakudya chimene ena sangachidyenso galu akachikhudza. Dutsani patali, kapena bwererani.

Nkhupakupa ziliko mu udzu wa kuseri, choncho muthireni galu mankhwala musananyamuke ndipo muzimuyang'ana m'makutu ndi pakati pa zala madzulo alionse. Mphutsi nazo zimakonda malo otentha a mchenga: ntchentche yake imaikira mazira pa dothi kapena pa nsalu yonyowa, kenako kachilomboko kamalowa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Chofunda cha galu musachiyanike pansi, ndipo chikauma chisiteni. Ayironi amabwereka ku ofesi mukapempha. Agalu oyendayenda a m'mudzi amafika pagombe m'mawa kudzatola zotsala. Musalole kuti anunkhizane ndi wanu. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu wosamudziwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Dziwaninso kuti kubwera ndi galu kumakutsekerani malo ena. Kumalo osungira nyama zakuthengo, monga Liwonde National Park kapena Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, ziweto sizilowa. Loji imalola kuti galu atsale pakhonde lotsekedwa kwa maola ochepa, wantchito mmodzi n'kumamuyang'anira, koma ife sitinafune kumusiya tsiku lathunthu m'kutentha kuja, ndiye ulendo wa ku Cape Maclear tinausiya dala.

Kwa amene mukufuna kubukitsa: pemphani kanyumba kakumapeto kamene kali pansi pa nimu, chifukwa tina tili pamtetete ndipo makonde ake alibe mpanda. Funsani ndalama ya galu ilembedwe pa uthenga musanatumize dipoziti. Kwa eni loji, pempho langa ndi lakuti mupitirize mpanda mpaka kumadzi mbali ya bango ija, ndipo muike chikwangwani m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi. Tikufuna kubweranso mu Juni kapena Julayi, nthawi ya mwera kukamazizira, ndipo pobukitsa ndidzayamba ndafunsa za mpandawo.