Gemu yanga ya wrestling patapita miyezi: kugwetsana kukadali kokoma, koma malamba akumasowa

Mnzanga amene timasewera naye wanditumizira uthenga sabata ino. Waona kuti gemu ya wrestling ija ndinaiyamikira pano itangotuluka yatsitsidwa mtengo kwambiri, ndiye akufunsa kuti, "Achimwene, ndigule? Nanga season pass yake, poti akugulitsa pamodzi?" Season pass ndi kulipiriratu zowonjezera zimene zidzatuluke pambuyo pake. Ndinayamba kumuyankha pa foni koma yankho linatalika, choncho ndati ndingolilemba pano. Ena mwa inu munagula gemuyi mutawerenga zimene ndinalemba nthawi ija, ndipo mukuyenera kumva mmene zakhalira.

Zimene ndinayamikira zikadalipo. Ukagwira munthu n'kumumenyetsa pansi, kulemera kwake umakumva m'manja. Chimphona sichinyamulika usanachifooketse kaye. Kubweza move ya mnzako kumafuna kuti udinde batani pa nthawi yake, osati kumangobwanyula padi. Machesi amayamba msanga, sudikira nthawi yaitali. Ofotokoza masewera amangobwereza mawu omwewo, moti ndinawatseka kalekale. Ndipo mukakhala anthu anayi pa TV imodzi, wina akukwera makwerero kuti atsitse lamba, wina akumugwedezera pansi, palibe gemu ina m'nyumba mwanga imene imadzutsa phokoso ngati imeneyi.

Koma pali vuto limodzi limene landidya mtima, ndipo likukhudza mbali yomwe ndinagulira gemuyi.

Amene mumasewera magemu a wrestling mukudziwa kuti machesi ndi theka chabe. Theka linalo ndi kupanga anthu ako. Umakhala madzulo onse ukukonza nkhope, zovala, kayendedwe kolowera mu ring, nyimbo, move yomalizira. Ena umawadawuniloda kwa osewera anzako amene ali ndi luso kuposa iwe. Ukatero umayambitsa ligi yako, umagawa malamba, umasankha woti adane ndi wina, nkhani n'kumakula sabata ndi sabata. Ine ndinali ndi katswiri wanga amene ndinamukweza kuchokera kumachesi otsegulira mpaka kutenga lamba wamkulu, ndipo mdani wake anali munthu yemwe mnzanga uja anapanga. Tinkakonzekera kuti akumane mu khola lachitsulo pa chionetsero chachikulu cha kumapeto kwa chaka cha mu gemu.

Tsiku lina nditayatsa, gemu inakhalitsa pa mawu akuti ikulumikizana ndi seva, kompyuta ya kampani ya pa intaneti. Kenaka inati kulumikizana kwalephereka, n'kundilowetsa ngati palibe chachitika. Nditatsegula ligi yanga ndinapeza katswiri wanga wasanduka munthu wampala wovala kabudula wotuwa, wopanda chizindikiro chilichonse, dzina lokha ndi limene linatsala. Onse amene ndinawadawuniloda anali chimodzimodzi. Malamba atatu analembedwa kuti alibe eni. Mbiri ya udani uja, amene anapambana kuti, amene anapereka mnzake liti, zonse zinali zitafufutika.

Nditafufuza kwa osewera ena ndinamvetsa chimene chimachitika. Gemuyi ikamayamba imafunsa seva ngati zithunzi ndi zizindikiro zimene unadawuniloda zikadali zololedwa. Seva ikayankha, zonse zili bwino. Ukakhala kuti sunalumikize intaneti n'komwe, zonse zilinso bwino, chifukwa gemu siifunsa. Tsoka limabwera intaneti ikakhalapo koma seva osayankha: gemu imaona ngati zinthu zija zaletsedwa, imazichotsa, ndipo popeza imadzisungira yokha ukangolowa, imalemba zopanda kanthuzo pamwamba pa fayilo yako yabwino. Palibe pamene imakufunsa. Palibe fayilo yachiwiri yoti ubwerereko.

Ndinamanganso zonse, ndipo zinachitikanso. Panopa ndili ndi mwambo wanga: ndimadula intaneti pa makina ndisanayatse gemu, ndipo ndikamaliza kusewera ndimakopera fayilo pa flash. Zimathandiza, koma ndiye kuti machesi a pa intaneti ndinawasiya, ndipo ndikafuna kudawuniloda munthu watsopano ndimachita kukopera fayilo kaye, mtima uli m'mwamba. Miyezi yoyamba seva inkalephera mwa apo ndi apo. Masiku ano ikulephera pafupipafupi.

Ndinalembera kampani yosindikiza gemuyi. Poyamba anayankha munthu weniweni, waulemu, ndipo anati vutoli akulidziwa, lili pa mndandanda wa zokonza mu update yotsatira. Update inabwera, inawonjezera zovala zogulitsa, vuto osakhudzidwa. Kenaka kunamveka kuti kampaniyo ili m'ngongole ndipo yachotsa antchito ambiri. Kuchokera pamenepo makalata anga akuyankhidwa ndi makina, mawu omwewo nthawi zonse. Tsamba limene linkasonyeza zimene zidzatuluke mwezi ndi mwezi analichotsa mwakachetechete. Sindikwiyira munthu uja anandiyankha, ndipo ndikukhulupirira kuti ankanena zoona pa nthawiyo. N'kutheka kuti nayenso ali pakhomo tsopano akufuna ntchito.

Chimene chikundipweteka n'chakuti vuto lofufuta zosungidwa si lachilendo m'magemu a wrestling. WWF No Mercy, imene AKI inapanga ndipo THQ inatulutsa pa Nintendo 64 mu 2000, ambiri amaitcha gemu ya wrestling yoposa zonse, koma makatiriji ake oyamba ankafufuta okha zimene wosewera wasunga. THQ inatulutsa makatiriji ena okonzedwa. Taganizani, kukonza vuto nthawi imeneyo kunali kupanga katundu watsopano kufakitale, osati kungotumiza update pa intaneti, koma zinatheka chifukwa kampani inali ndi ndalama ndipo inali ndi dzina loti iteteze. Lero kukonza n'kosavuta kuposa kale, koma kumafuna kuti pakhale munthu wolipidwa amene wakhala pa kompyuta. Munthuyo akachotsedwa, vuto limakhala pomwepo mpaka kalekale.

Ndipo makampani a magemu a wrestling agwa kambirimbiri, mwina kuposa mmene timakumbukirira. Acclaim ndi imene inali ndi laisensi (chilolezo chopanga magemu) ya kampani ya wrestling ya WWF m'zaka za m'ma 1990, n'kutulutsa War Zone mu 1998 ndi Attitude mu 1999. Laisensi itapita ku THQ, Acclaim inayesa ndi ECW, kampani ina ya wrestling, kenaka ndi Legends of Wrestling. Gemu yomaliza ya mndandanda umenewo, Showdown, inatuluka mu 2004 ili ndi zolakwika zambiri, ndipo chaka chomwecho Acclaim inatsekedwa. Midway inatulutsa TNA Impact!, gemu ya kampani ya wrestling ya TNA, mu 2008, n'kukapempha chitetezo cha khothi chifukwa cha ngongole mu February 2009. Warner Bros. inagula katundu wake wambiri, kuphatikizapo Mortal Kombat, koma gemu yachiwiri ya TNA imene anthu ankayembekezera sinatuluke. Situdiyo ya Midway ya ku San Diego inapita ku THQ, n'kupanga WWE All Stars ya mu 2011 (WWE ndi dzina latsopano la WWF).

THQ nayo sinakhalitse. Inaika ndalama zambiri pa uDraw, kachipangizo kojambulira, ndipo mtundu wake wa PlayStation 3 ndi Xbox 360 unangodzaza m'nyumba zosungira katundu osagulidwa. WWE '13 inatuluka mu October 2012, ndipo mu December chaka chomwecho THQ inali kukhothi. Mu January 2013 katundu wake anagulitsidwa mogawa: Sega inatenga situdiyo ya Relic, Koch Media inatenga situdiyo ya Volition ndi gemu ya Saints Row. Laisensi ya WWE inapita ku Take-Two, ndipo WWE 2K14 inatuluka mu October 2013, opanga ake akadali Yuke's, amene ankapanga magemu a WWE nthawi ya THQ. Onani kuti si wrestling imene inagwetsa THQ. Magemu a WWE ankagulidwa chaka ndi chaka. THQ inagwa ndi zina, wrestling n'kungokokedwera limodzi. Ichi ndi chimene chimandidetsa nkhawa: gemu yako ikhoza kukhala yabwino, ikhoza kugulidwa bwino, koma n'kufera zolakwa zimene zinachitika mu ofesi ina ya kampani yomweyo.

Nkhani ya WWE 2K20 imasonyeza mbali inayo. Yuke's itachoka, Visual Concepts inapanga gemuyo yokha, ndipo inatuluka mu 2019 ili yosweka, mpaka pa 1 January 2020 mbali zina zinasiya kutseguka chifukwa cha deti. Koma Take-Two, mwini wa Grand Theft Auto, inali ndi mphamvu yodumpha chaka, osatulutsa 2K21, n'kudzabwera ndi 2K22 mu March 2022 zinthu zitakonzedwa. Kampani yaing'ono kapena ya ngongole singapume chaka chonse. Imakakamizika kutulutsa zimene zilipo, kugulitsiratu season pass kuti ipeze ya malipiro a mwezi uno, n'kumayembekezera kuti za mawa zidziwika mawa.

Gemu ya wrestling ndi yodula kupanga kuposa mmene imaonekera. Dzina la kampani ya wrestling n'lolipira. Nkhope za omenya n'zolipira, nyimbo zolowera n'zolipira. Omenyawo amasamuka makampani, amasintha maonekedwe, moti mndandanda wa anthu umakalamba gemu isanathe chaka. Laisensi ikatha, gemu imachotsedwa m'masitolo a pa intaneti, ndipo amene sanagule sangaigulenso. Ndiye tsogolo limene ndikuliona ndi la kampani imodzi yaikulu yokhala ndi laisensi yaikulu, ndi timagulu ting'onoting'ono topanga magemu opanda mayina otchuka, todalira osewera kuti adzipangire okha anthu. Apakati, amene amafuna kupikisana ndi wamkulu koma ndalama zili zobwereka, ndi amene akutha. Zimandimvetsa chisoni chifukwa mpikisano ndi umene unatipatsa magemu abwino a makampani a wrestling a WCW ndi WWF kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Pali china chimene chimandilimbitsa mtima. Fire Pro Wrestling inayamba mu 1989 pa PC Engine. Kampani yake, Human Entertainment, inagwa patapita zaka pafupifupi khumi, koma Spike inatenga mndandandawo n'kuupitiriza, mpaka Fire Pro Wrestling World inafika pa kompyuta mu 2017 ndi pa PlayStation 4 mu 2018. No Mercy nayo, patapita zaka zoposa makumi awiri chitulukireni, THQ yakale kulibenso, anthu akuiseweretsabe ndi kuisintha kuti mukhale omenya a masiku ano. Magemu amenewo anapulumuka chifukwa chilichonse chofunika chinali mkati mwa gemu momwemo. Yangayi ikanatha kukhala m'gulu limenelo, chifukwa kamenyedwe kake n'kabwino zedi. Koma anaimangirira ku seva, ndipo seva imafuna wolipira mwezi uliwonse. Ili ngati nyumba yolimba imene kiyi wake anasungitsa kwa munthu amene akusamuka.

Masiku ena, tikasewera anthu anayi mpaka usiku, ndimaona kuti ndalama yanga inabwerera kalekale. Tsiku lotsatira ndikamakopera fayilo pa flash ndisanayerekeze kulumikiza intaneti, mkwiyo umabweranso.

Tsopano za season pass, poti ndi zimene mnzanga wafunsa. Ndinalipiriratu pa tsiku loyamba. Tsamba logulitsira linalemba magulu a omenya amene adzabwere, mabwalo atsopano ndi mtundu wina wa machesi. Gulu loyamba linabwera pa nthawi yake, lachiwiri linachedwa, otsalawo ndi machesi aja mpaka lero kulibe, ndipo palibe amene wanena kuti zalephereka kapena zikubwera.

Ndinapempha sitolo ya pa intaneti imene ndinagulako kuti indibwezere ndalama ya season pass. Anati nthawi yobweza inadutsa ndipo ndinadawuniloda kale mbali ina ya katunduyo, choncho ndikaonane ndi osindikiza. Osindikiza, kudzera m'makina awo aja, anati ndalama inalowa kusitolo, ndikaonane ndi sitolo. Chimene chinandithandiza n'chakuti ndinali nditajambula tsamba logulitsira lija pa tsiku logula, mndandanda wonse wa malonjezo ukuoneka. Nditabwerera kusitolo ndinasiya kunena kuti gemu ili ndi vuto. Ndinangonena kuti ndinalipira katundu wolembedwa apa, ndipo mbali iyi ndi iyi sizinaperekedwe. Pamenepo nkhani inapita kwa munthu wina wamkulu, ndipo patapita milungu anandibwezera gawo la zimene sizinabwere. Sanabweze ku akaunti yanga ya kubanki. Anaika m'chikwama cha m'sitolo momwemo, ndalama yoti ndingagulire kwa iwo okha. Ndinafunsa ngati angasinthe, anakana. Ndinafunsanso chifukwa chake akupitiriza kugulitsa season pass yomweyo ndi mndandanda womwewo wa malonjezo, ndipo funso limenelo sanaliyankhe.

Choncho kwa iwe mnzanga, ndi kwa ena amene mwaona kutsika kwa mtengoku: gemu yokhayo, pa mtengo wotsikawu, gulani ngati muli ndi anthu osewera nawo pa TV imodzi, ndipo ngati disiki ikupezeka tengani disiki, chifukwa imeneyo mukhoza kudzagulitsa ikakutopetsani. Dulani intaneti musanayatse. Season pass musaikhudze, ngakhale ataiphatikiza motchipa bwanji, pokhapokha chilichonse cholembedwapo chitakhala kuti chatuluka kale. Ndalama ija anandibwezera ikadali m'chikwama cha sitolo, ndipo sindiigwiritsa ntchito pa gemu iliyonse ya kampani imeneyi mpaka vuto la seva litakonzedwa.