Dikishonale ya madola 4 yomwe ndinagula pamsewu

Mdzukulu wanga ali Grade 6 kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Sabata yatha aphunzitsi anawauza kuti alembe ziganizo zitatu za matanthauzo osiyana a mawu akuti milk. Iye ankangodziwa mkaka wa Chimombe umene timathira mu tiyi. "Agogo, enawo ndiwatenga kuti?"

M'mawa mwake ndinagula dikishonale yakale kwa mnyamata wina woyala mabuku pansi pafupi ndi pokwerera mabasi pa Copacabana m'tauni. Anayamba ndi madola 5, tinamvana pa 4. Chikuto n'chong'ambika, masamba ena a chilembo R anathothoka, ndipo zilembo zake n'zing'onozing'ono moti popanda magalasi sindiona kanthu. Muzilitsegula kaye musanapereke ndalama.

Koma pa milk bukuli landikhutiritsa. Mawuwa amatanthauzanso kukama, komanso kudyera munthu masuku pamutu, kumufinya ndalama pang'onopang'ono mpaka atheretu. Milk tooth ndi dzino loyamba la mwana, ndiye tinaitana mng'ono wake amene waguluka awiri akutsogolo kuti amwetulire. Milky Way ndi Mlalang'amba. Usiku womwewo magetsi atazima tinatuluka panja, ndinamuloza mzere woyera uja kumwamba.

Chimene chinandigwira mtima ndi timizere ta m'munsi tofotokoza kumene mawu anachokera. Zaka zoposa 1,000 zapitazo Angelezi ankati meoluc. Ajeremani amati Milch, m'Chiafirikanzi ndi melk, ndipo onsewa amachokera ku muzu umodzi wakalekale wonena za kusisita ndi kufinya bere la ng'ombe. Ndiye kuti dzina la chakumwachi linabadwira m'manja mwa wokama.

Ndinakhala chete kanthawi. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi n'kudzagwira ntchito yokama ng'ombe pafamu ina kufupi ndi Marondera. Ankadzuka kusanache, chitini pakati pa mawondo, chipumi atatsamiritsa pamimba pa ng'ombe. Zala zawo zinali zokhakhala ngati khungwa. Mawu akuti milk ankawamva tsiku lililonse kwa mwini famu, koma panalibe wowauza kuti akunena za manja awowo.

Mtsikanayu anapeza zonse zitatu, ndipo chiganizo chake chachiwiri chinali cha agogo ake aakuluwo. Bukuli tsopano limakhala pamwamba pa kabati, talikutira ndi pulasitiki. Ndikapitanso m'tauni ndikamufunsa mnyamata uja ngati ali ndi lina la zilembo zikuluzikulu.