GEO ndi Connectivity Map: ndaziyesa ndili ku Chikanda

Mwana wa achemwali anga ku Domasi akamadzuka pansi amayamba wagwira maondo, kenako ntchafu, ngati akukwera thupi lake lomwe. Madokotala anati ndi Duchenne, matenda osowa ofooketsa minofu, ogwira makamaka anyamata. Ndiye pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ku Chanco ndinaikhotetsera komweko: kufufuza mankhwala a matendawa ndi zida ziwiri za pa intaneti, GEO ndi Connectivity Map.

GEO ndi nkhokwe ya pa intaneti ya NCBI, bungwe la boma la America losunga zofufuza za sayansi ya zamoyo, ndipo ndi yaulere. Ofufuza amasungako zomwe anayeza: majini (genes, timalangizo ta chibadwa) ati akugwira ntchito kwambiri m'maselo, ati azilala. Ndinapezamo za minofu ya ana a Duchenne ndi ya ana abwinobwino, n'kuzifananitsa ndi kachida kawo ka GEO2R. Apa ndiwayamike. Sikafuna kompyuta yamphamvu, kalaputopu kanga kothyoka chivindikiro kanakwanitsa. Chinandivuta ndi bandulo ndi magetsi basi, moti ndinkagwira ntchito usiku anzanga atagona.

Mndandanda wa majiniwo ndinaupititsa ku Connectivity Map, nkhokwe ya bungwe lofufuza la Broad Institute yosonyeza momwe mankhwala amasinthira ntchito ya majini m'maselo, yomwe inayamba mu 2006. Nzeru yake ndi yokoma: ngati matenda akweza majini awa n'kutsitsa awo, funa mankhwala akale ochita motembenuza. Mu 2011 a ku Stanford anagwiritsa ntchito nzeru yomweyi, napeza kuti topiramate, mankhwala a khunyu, amachepetsa kutupa kwa matumbo mwa makoswe.

Kwa ine pamwamba pa zotsatira panabwera gulu la mankhwala lotchedwa HDAC inhibitors. Mtima unagunda, chifukwa givinostat, yemwe America inamuvomereza pa Duchenne mu 2024, ndi wa banja lomwelo. Ndinathamangira kwa aphunzitsi anga. Iwo anangomwetulira: "Amenewo amagwedeza majini ambirimbiri, amatulukira pafupifupi paliponse."

Ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Mankhwala ambiri mu Connectivity Map anayesedwa pa maselo a khansa okulira mu labu, monga MCF7 a khansa ya m'mawere ndi PC3 a prostate. Minofu ya mwendo wa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi chinthu china. Njira yawo yoyezera, yotchedwa L1000, nayo imayeza majini 978 okha, enawo amachita kuwerengera.

Wophunzira wofuna poyambira kafukufuku, zidazi musazisiye, ndazipatsa zinayi mwa zisanu. Koma wodwazika asatenge dzina la mankhwala pamenepo n'kupita nalo ku famase.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Domasi. Achemwali anandifunsa ngati kompyuta yapeza mankhwala. Ndinati ayi, apitirize prednisolone yemwe anawapatsa kuchipatala, ndipo tsiku la mafizo asaliphonye.