Chingerezi cha agogo a kuno ku Newcastle

Abale anga amene mukukonzekera kubwera ku UK kudzasamalira okalamba, mayeso a chingerezi a IELTS khozani ndithu koma dziwani kuti agogo amene muzidzawasambitsa sayankhula chingerezi cha m'mayeso chija ayi. Kuno ku Newcastle, m'mbali mwa mtsinje wa Tyne, anthu ake amatchedwa ma Geordie ndipo akayamba kuyankhula chawo ngakhale mzungu wa ku London amasowa pogwira.

Mawu oyamba kusunga ndi netty, ndi chimbudzi. Achinyamata sawatchulanso kwenikweni koma agogo a zaka 80 kapena 90, makamaka amene ayamba kuiwalaiwala, amabwerera ku mawu a paubwana wawo, ndiye akakugwira dzanja nkunena kuti netty iwe nkumangomwetulira osamva, munthu wamkulu adzionongera pampando anzake akuona ndipo ndi manyaziwo akana chakudya tsiku lonse. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Akati gan hyem ndiye kuti akufuna kupita kwawo. Kukamada pali agogo ena aakazi amene amaima pachitseko atavala jekete, kachikwama kali kumanja, akuti ma bairn akuwadikira. Bairn ndi mwana, chonsecho ana awowo pano ali ndi zidzukulu. Osalimbana nawo, mumangoyenda nawo pang'onopang'ono mukuwafunsa maina a anawo mpaka mtima ukhale pansi. Hyem ndi bairn amafanana ndi hjem ndi barn a ku Norway ndi Denmark.

Azigogo aamuna ambiri anagwira m'migodi ya malasha, yonse inatsekedwa koma mawu ake adakalipo. Marra ndi mnzako wapamtima, bait ndi chakudya chonyamula popita kuntchito. Tsiku limene agogo wina anandiitana kuti marra ndinasangalala zedi, sapatsa aliyense dzina limenelo.

Enawa muzawatola panjira, howay ndi tiyeni, clarty ndi zamatope, canny ndi chabwino kapena munthu wabwino, divvent ndi kuletsa kuti usatero. Akakufunsani za tea madzulo sakunena tiyi ayi, ndi chakudya chamadzulo, dinner ndi cha masana. Ndipo azichemwali, wina akakuti pet kapena hinny musaganize kuti akukufunsirani, amatero kwa aliyense ngakhale dalaivala wa basi.

Muzifunsa azimayi akuluakulu a kukhitchini obadwira konkuno, amakondwa kukufotokozera. Amene mwapeza ntchito ku Glasgow kapena Liverpool kumeneko alinso ndi mawu awo, awa sakakuthandizani onse.